Za Pakhomo: Madzi Okana Sopo

Mwezi uno nkhani yathu ikutitengera ku khichini ndi pa mwala wochapira, pakuti kumeneko nkumene kudabuka mlandu umene udatsala pang'ono kuchotsa mtendere m'banja lina lachikhristu. Oimbidwa mlandu adali anthu aŵiri, koma titafufuza bwino tidapeza kuti wopalamula adali madzi a pa mpopi.

M'nyengo ya mvula yapitayi tidapita kukacheza kwa abale athu ku Chilanga. Sitikunena Chilanga wathu wa ku Kasungu, kumene kuli mpingo ndi sukulu ya ana osaona, koma Chilanga wa m'dziko la Zambia, katauni kamene kali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumwera kwa mzinda wa Lusaka, pa mseu wopita ku Kafue. Anthu ambiri amagona ku Chilanga, koma m'maŵa amakwera minibasi kukagwira ntchito mu Lusaka. Chinyanja chimamveka paliponse, kotero kuti mlendo wochokera ku Malaŵi sasoŵa womulonjera.

Banja limene tidafikirako lidali litangosamukira kumeneko, kuchokera ku dera kumene ankatunga madzi a mu mtsinje wotsika m'phiri. M'nyumbamo mudali bambo, mai, ana atatu, agogo amene ndi mai ao a bambowo, ndiponso mtsikana wamasiye wa zaka 14, mwana wa malemu mlongo wao wa bambowo. Mtsikanayu ndiye ankachapa zovala akaŵeruka ku sukulu.

Titadya chakudya chamadzulo ndi kupemphera, mai a m'nyumbamo adati, "Alamu, popeza mwabwera, tithandizeni. Mwana uyu watisoŵetsa mtendere. Sopo amene kwathu ankatha mwezi wathunthu, kuno sakufika ndi masabata atatu omwe. Kaya akugulitsa, kaya akugaŵira anzake, ife sitikudziŵa. Ndiponso taonani malaya oyera a bambo aŵa, atuŵa ngati sadaonepo madzi."

Agogo nawo adati, "Ine za sopo ndilibe nazo mau. Koma tiyi wa m'nyumba muno ndidaleka kumwa. Tasuzumirani m'ketulomo, muone ufa woyera umene wamatirira pansi. Ndakula ine, koma sindidaonepo madzi akubala ufa. Alipo amene akuthira." Polankhula mau ameneŵa maso ao adali pa mpongozi wao.

Bambo adatsiriza ndi kuti, "Nchifukwa chake ndidalamula kuti madzi akumwa asamaphitsidwenso. Potuluka pa mpopi amakhala oyera ngati galasi, koma akangoŵira, ufa uja uyamba kuoneka. Kuli bwino ana azimwa oyerawo."

Nthaŵi yonseyi mtsikana uja adali khale pa khomo la khichini, atazyolika, misozi ili chuchuchu. Sadayankhe kanthu, monga mwa ulemu wa ana a kwathu.

MABOTOLO AŴIRI NDI NDIMU LIMODZI

M'maŵa mwake tidapempha mabotolo aŵiri ofanana. M'botolo lina tidathira madzi a pa mpopi kulekeza pakati, ndipo m'linzake tidathira madzi a mvula amene adadikha m'beseni usiku. Tidapala sopo yemwe uja ndi mpeni, nkuika timapalo tofanana m'botolo lililonse, ndipo tidapempha mtsikana uja kuti akhutchumule mabotolo onse aŵiri pamaso pa anthu onse. M'botolo la madzi a mvula thovu lidakwera mpaka kukamwa. M'botolo la madzi a pa mpopi thovu lidangoti pang'ono pamwamba nkuzimirira, madzi adachita mbuu, ndipo munkayandama tizinyenyeswa toyera tonga mkaka wosasa.

Kenaka tidatenga ketulo ija, nkufinyira ndimu pa ufa wouma uja. Pomwepo ufa udayamba kuchita thovu ndi kulira kuti syii, ndipo patapita kanthaŵi chitsulo cha ketulo chidaoneka. M'nyumba mudangoti zii. Tsono tidafotokozera abale athu zimene tifuna kukufotokozerani inunso, pakuti madzi otere sali ku Chilanga kokha.

MWALA WOSUNGUNUKA M'MADZI

Munthu aliyense wofika ku Chilanga amaona fakitale ya simenti. Idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1951, ndipo simenti yake idathandiza kumanga damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi pakati pa 1955 ndi 1959. Fakitale yotere siimangidwa pamalo wamba. Imamangidwa pamene pali mwala wa laimu, mwala womwe uja anthu amaotcha kuti apeze njereza yopakira nyumba. Pansi pa Chilanga, ndiponso pansi pa gawo lalikulu la mzinda wa Lusaka, pali mwala wa mtundu umenewu. Kwathu ku Malaŵi umapezeka m'malo monga Changalume ku Zomba ndi mapiri a Chenkumbi ku Balaka.

Mvula ikamagwa, madzi ake amakhala opanda mwala uliwonse. Koma podutsa mu mlengalenga ndi poloŵa m'nthaka amatenga mpweya uja timatulutsa popuma, umene ana a sukulu amaudziŵa kuti carbon dioxide. Mpweyawu umapatsa madzi kaukali kochepa, kokwanira kunyambita mwala wa laimu pang'onopang'ono. Tsono mwalawo umasungunuka monga shuga mu tiyi, osaonekanso ndi maso. Zimene zimaloŵa m'madzimo makamaka ndi kashiamu ndi maginiziyamu. Mzinda wa Lusaka umamwa madzi a mitundu iŵiri: ena amapopedwa kuchokera ku mtsinje wa Kafue, ndipo ena amachokera m'zitsime zakuya zoboola m'mwala womwewo. Nyumba ya abale athu inkalandira madzi a m'chitsime chakuya, opopedwa kupita m'thanki ya pamwamba. Madzi amene adaŵazoloŵera kwao adali otsika m'phiri la miyala yosasungunuka msanga, onga a ku Mulanje ndi a pa phiri la Zomba, amene amachita thovu ndi sopo wochepa chabe.

Akatswiri a madzi amayeza mwala wosungunukawu poŵerenga mamiligiramu ake pa lita imodzi. Madzi osafika mamiligiramu 60 amaŵatcha ofeŵa. Kuyambira 60 mpaka 120 ndi apakatikati. Kuyambira 120 mpaka 180 ndi okana sopo, ndipo opitirira 180 ndi okana sopo kwambiri. Madzi a m'zitsime zoboola m'mwala wa laimu kaŵirikaŵiri amakhala m'magulu aŵiri otsirizaŵa. Tiyeni tiyerekeze madzi okhala ndi mamiligiramu 300 pa lita. Ndowa ya malita 20 ya madzi otere imasenza magiramu 6 a mwala, amene sasiyana kwenikweni ndi kasupuni ka tiyi. Banja lophitsa malita 5 tsiku ndi tsiku limadutsitsa m'ketulo mwake mwala woposa theka la kilogiramu pa chaka. Nanga tidabwirenji kuona ufa pansi pa ketulo?

Madzi akaŵira, mpweya uja umathaŵa, ndipo gawo lalikulu la mwala, posoŵa chougwira, limabwerera ku umwala wake nkumatirira pa chitsulo. Ufa umene agogo adauopa ndi umenewu. Palibe dzanja la munthu limene lidauthira. Ndipo udalira pokhudzana ndi ndimu chifukwa mwala wa laimu umasungunuka ukakumana ndi asidi.

Za sopo nazo nzosavuta kumva. Sopo wamba akaloŵa m'madzi otere, amayamba wagwirana ndi kashiamu nkusanduka zinyenyeswa zosasungunuka zija tidaona m'botolo. Thovu limayamba pokhapokha kashiamu yense atagwidwa. Tinganene kuti mwala umayamba ndiwo kudya sopo, zovala nkulandira makombo. Zinyenyeswazo zimakanirira mu ulusi wa nsalu, ndipo nchifukwa chake malaya oyera amatuŵa, mataulo amauma gwa, ndi mateŵera a mwana amakanda. Wochapa angathe kufikisa mpaka zala kutupa, koma nsalu siiyera.

Munthu amene adaphunzitsa dziko kuyeza madzi ndi sopo motere adali Thomas Clark, mphunzitsi wa sayansi pa koleji ya Marischal ku Aberdeen m'dziko la Scotland, mzinda womwe udabadwira Dr Robert Laws wa ku Livingstonia. M'chaka cha 1841 Clark adalembetsa njira yake yofeŵetsera madzi, ndipo njirayo idadabwitsa ambiri: kuthira laimu wootcha, woyezedwa bwino, m'madzi okana sopo kumachititsa kuti mwala wosungunuka uja udikhe pansi. Njirayi ndi ya m'malo akuluakulu oyeretsera madzi, kumene kuli anthu odziŵa kuyeza. Musaiyese pa mtsuko wa kunyumba.

ZIMENE MADZIŴA AMACHITA M'NYUMBA

Kuonjezera pa sopo ndi ketulo, madzi okana sopo amasiya chizindikiro chao ponseponse. Matambula ndi masupuni amauma ali ndi maŵanga oyera. Tiyi amachita kakhungu kosambira pamwamba. Timabowo ta shawa timatsekeka, ndipo mipopi imachita zoyera kukamwa nkuyamba kudontha. Simbi yothira madzi imalavula ufa pa malaya. Thanki yotenthetsera madzi osamba imavala mwala pa chitsulo chake chotenthetsa, ndipo popeza mwala suolotsa kutentha msanga, chitsulocho chimapsa nthaŵi yake isanakwane. Poto wokutidwa ndi mwala pansi amachedwa kuŵira pa mbaula, ndipo makala amatha ambiri. Nyemba ndi nandolo nazo zimachedwa kupsa, pakuti kashiamu amalimbitsa khungu lake. Pa thupi, zotsalira za sopo zimaumitsa khungu ndi tsitsi, ndipo ana a khungu losachedwa kuyabwa amavutika koposa.

Zonsezi ndi ndalama zotuluka m'thumba la banja mwakachetechete. Ndipo pamene ndalama zikutha popanda chifukwa chooneka, mtima wa munthu umafulumira kufuna woti umuloze chala.

KODI MADZI AMENEŴA NGOOPSA KUMWA?

Ai, ngosaopsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO silidaike malire a mwala wosungunukawu pa chifukwa cha matenda. Limangonena kuti ukapitirira mamiligiramu pafupifupi 200 pa lita umayamba kumatirira m'mapaipi ndi m'ziŵiya. Kashiamu ndi yemwe uja timamufuna mu mkaka, mu usipa ndi m'matemba kuti mafupa ndi mano a ana akhwime. Ena amaopa kuti ufa wa m'ketulo ukaunjikana mu impso nkusanduka miyala, koma thupi la munthu si ketulo. Chimene madokotala amachenjeza kwambiri pa matenda a miyala ya mu impso ndi kumwa madzi ochepa, makamaka m'miyezi yotentha. Choncho munthu woleka kumwa madzi poopa ufa uja ndiye akudziitanira vuto limene akulithaŵa.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Komatu mau amene adatichititsa mantha usiku uja sadali a mai kapena a agogo. Adali a bambo, akuti madzi asamaphitsidwenso chifukwa ngoyera ngati galasi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mvetsetsani bwino apa. Mwala wa laimu ukanyambitidwa ndi madzi kwa zaka zikwizikwi umachita ming'alu, mauna ndi mapanga. Madzi oyenda mu mchenga ndi m'dothi amayenda pang'onopang'ono ndipo amasefeka m'njira, koma oyenda mu ming'alu ya mwala amathamanga ngati ali m'paipi, osasefeka konse. Tsono chimbudzi chokumba chikakhala pafupi ndi chitsime, makamaka m'nyengo ya mvula pamene madzi apansi akwera, zonyansa za m'chimbudzi zingathe kufika m'chitsime msangamsanga, madziwo nkumaonekabe oyera. Mwala womwewo umene umapatsa madzi ufa wosapha, ndiwo umatsekulira njira tizilombo takupha.

Anthu a mu Lusaka zimenezi amazidziŵa ndi misozi. Kuyambira mwezi wa Okutobala 2017 mpaka chapakati pa 2018 matenda a kolera adagwira anthu opitirira 5,000 mu mzindawo, ndipo komboni ya Kanyama, imene idamangidwa pa mwala womwewu ndipo anthu ambiri ankatunga m'zitsime zosaya, idali imodzi mwa malo osautsidwa koposa. Kolera idabweranso mu Okutobala 2023, ndipo pofika 2024 idali itagwira anthu opitirira 20,000 m'dziko la Zambia ndi kupha opitirira 700. Bwalo la mpira la National Heroes lidasanduka chipatala, ndipo sukulu zidachedwa kutsekulidwa. Kwathu ku Malaŵi sitidaiŵale mliri wa 2022 ndi 2023, umene udatenga miyoyo yopitirira 1,700. Ambiri mwa ife tidaperekeza maliro a masiku amenewo.

Motero tikunenetsa: ufa wa m'ketulo usakuletseni kuphitsa madzi. Ngati madzi anu ndi a m'chitsime cha pakhomo, kapena simukudziŵa ngati adathiridwa klorini, aŵiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Alekeni azizire ali ovundikira kuti ufa udikhe, kenaka muŵatsanulire mu mtsuko woyera, kusiya zapansizo. Ngati makala avuta, thirani mankhwala a klorini, onga WaterGuard ku Malaŵi kapena Clorin ku Zambia, motsata muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Klorini sachotsa mwala, koma amapha tizilombo, ndipo chachikulu nchimenecho.

MALANGIZO A PAKHOMO

Choyamba, kololani madzi a mvula. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la malata la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Ndiye kuti denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 10, limatsitsa malita 500, okwanira migolo iŵiri ndi theka ya malita 200. Lekani mvula yoyamba itsuke denga, kenaka tcherani mgolo. Muuvundikire bwino kuti udzudzu usaswanemo ndi kuti mwana asagweremo. Madzi ameneŵa asungireni zovala zoyera, mateŵera, tsitsi, simbi ndi nyemba. Ofuna kuŵamwa ayambe aŵaphitsa.

Chachiŵiri, pochapa ndi madzi a pa mpopi sopo waufa amagwira ntchito bwino koposa sopo wamba, chifukwa adapangidwa kuti asamagwirane msanga ndi kashiamu. Ngati muli ndi sopo wamba yekha, thirani supuni imodzi kapena ziŵiri za soda wochapira mu ndowa, takasani, dikirani kanthaŵi, kenaka muyambe kuchapa. Tikunena soda wochapira, osati soda waukali wopangira sopo, amene amaotcha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso. Agogo athu nzeru imeneyi adali nayo kale, pakuti madzi ochezedwa m'phulusa, onga chidulo chophikira therere, amafeŵetsa madzi m'njira yomweyo. Potsukuluza komaliza thirani viniga pang'ono m'madzi, ndipo mataulo adzafeŵa.

Chachitatu, tsukani ketulo kamodzi pa mwezi, mwala usanakhuthale. Sakanizani viniga ndi madzi mofanana, kapena finyirani mandimu atatu kapena anai m'madzi, tenthetsani m'ketulomo, siyani kwa ola limodzi, tayani, nkutsukuluza kaŵiri. Musapale ndi mpeni. Mutu wa shawa muugoneke mu viniga usiku wonse. Koma chenjerani: musasakanize viniga kapena mandimu ndi mankhwala oyeretsera zovala onga Jik, pakuti zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni.

Chachinai, amene muli ndi thanki yotenthetsera madzi, pemphani wodziŵa zamagetsi aitchere pa madigiri 60. Kupitirira pamenepo mwala umaunjikana msanga, ndipo kutsika kwambiri kumalola tizilombo kuswana m'thankimo.

Chachisanu, nyemba muziviike usiku wonse, ndipo muziphike ndi madzi a mvula kapena ophitsa kale. Soda pang'ono amazifeŵetsa msanga, koma wochuluka amaononga mavitamini ena, ndiye musazoloŵere.

Chachisanu ndi chimodzi, kwa anyamata osamala batire la galimoto kapena la sola: musathiremo madzi a pa mpopi ngakhale ophitsa. Gulani madzi ake a batire. Mwala wosungunuka umafupikitsa moyo wa batire, ndipo mtengo wa batire mukuudziŵa.

Potsiriza, chenjerani ndi ogulitsa makina. Alipo makina oona ofeŵetsa madzi, amene amachotsa kashiamu ndi kuikamo sodiyamu wochokera mu mchere. Amafuna ndalama zambiri ndi mchere wa nthaŵi zonse, ndipo woŵagula asiye mpopi umodzi wosadzera m'makinamo kuti ukhale wa madzi akumwa, makamaka ngati m'nyumba muli khanda kapena wodwala matenda othamanga magazi. Sefa ya nsalu kapena ya dothi lootcha siichotsa mwala wosungunuka. Ndipo wina akabwera ndi tizitsulo tamagetsi, nkutiviika m'tambula yanu, madzi nkusanduka a bii, musachite mantha: zakudazo zachokera ku tizitsulo takewo. Safunsa adadya phula. Funsani a zaumoyo musanatulutse ndalama.

SI MADZI ONSE OVUTA ALI OFANANA

Tisasokoneze madzi okana sopo ndi mavuto ena. Madzi osiya dzimbiri lofiira pa beseni ndi pa zovala ali ndi chitsulo chosungunuka. Mukaŵasiya mu ndowa usiku, zofiirazo zimadikha. Madzi omveka mchere pa lilime, onga a m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ali ndi mchere weniweni, ndipo kuphitsa sikuuchotsa. Mano a ana akamachita maŵanga ofiirira, monga zimaonekera m'madera ena a ku Nathenje, chifukwa chake ndi fluoride wochuluka, woposa mamiligiramu 1.5 pa lita amene a WHO adaika ngati malire. Ameneyu saoneka, samveka pa lilime, ndipo sachoka pophitsa. Mpingo kapena sukulu imene ili ndi mjigo ichite bwino kupempha a ofesi ya madzi ya m'boma lao kuti adzayeze madziwo. Amai a Chigwirizano ndi a Mvano, nkhani imeneyi muikumbutse ku bwalo la akulu a mpingo.

PHUNZIRO LA KU MARA

Pa Eksodo 15:22-25 timaŵerenga za Aisraele amene adayenda masiku atatu m'chipululu osapeza madzi, ndipo atafika ku Mara adapeza madzi oŵaŵa. Kodi adatani? Adatembenukira Mose ndi kumuŵiringulira, ngati kuti iyeyo ndiye adaŵaŵitsa chitsimecho. Mose adafuulira kwa Mulungu, ndipo Mulungu adamuonetsa mtengo woti aponye m'madzimo. Chithandizo chidali pafupi, koma anthu otanganidwa ndi kuloza chala sadachione.

Mtima umenewu ulipobe pakati pathu. Chinthu chikavuta m'nyumba, ndipo chifukwa chake sitikuchidziŵa, mlandu umagwera amene alibe mphamvu zodziteteza: mwana wamasiye, wantchito, mtengwa. Lamulo lachisanu ndi chinai limatiletsa kuchitira mnzathu umboni wonama, ndipo sililekera ku bwalo la milandu kokha. Limafikanso ku khichini. Kunena kuti mwana waba sopo tisanafufuze ndi umboni wonama. Kuganizira mpongozi kuti akuthira mankhwala mu tiyi ndi umboni wonama, ngakhale mauwo anenedwe ndi maso okha. Ndipo pa Eksodo 22:22-23 Mulungu amachenjeza kuti Iye mwini amamva kulira kwa ana amasiye. Mwana wonamiziridwa kuba amakumbukira zimenezo mpaka imvi, ngakhale ife akulu titaiŵala.

Achinyamata, mau athu kwa inu ndi aŵa: sayansi imene mukuphunzira ku sukulu si ya mayeso okha. Zina mwa zimene tafotokozazi zili m'mabuku anu a sekondale. Mwana wa Fomu 2 akadatha kuthetsa mlandu wa m'banja lija ndi mabotolo aŵiri. Bweretsani nzeruzo kunyumba, koma muzifotokoze mwaulemu, osanyoza makolo. Ndipo inu makolo, musachite manyazi kuphunzira kwa ana anu.

Tsiku limene tinkanyamuka, bambo aja adasonkhanitsa banja lonse, naitana mtsikana uja kuti akhale pa mpando. Adati, "Mwanangu, tidakulakwira. Sudabe kanthu. Utikhululukire." Mai nawo adamugwira dzanja napepesa. Mtsikanayo adangoti, "Zikomo, amalume, ndamva," koma madzulo ake tidamumva akuseka ndi ana anzake kwa nthaŵi yoyamba chifikire chathu. Agogo sadanene mau opepesa, pakuti kwa achikulire ena mauwo amalemera. Koma adaitana mpongozi wao nati, "Amake mwana, tandiphikireniko tiyi m'ketulo yanu ija." Ndipo adamwa makapu aŵiri. Lamulo loletsa kuphitsa madzi lidathetsedwa tsiku lomwelo, ndipo bambo adapita kukafuna mgolo wotchera mvula.

Sabata ino tengani mabotolo aŵiri, muyese madzi a pakhomo panu pamodzi ndi ana. Suzumirani m'ketulo. Pimani mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime chanu, ndipo mufunse mlangizi wa zaumoyo ngati uli wokwanira. Ndipo ngati alipo m'nyumba mwanu amene mudamuimba mlandu pa chinthu chimene simudachifufuze, musadikire kuti mlendo adzakuuzeni. Muitaneni lero lomwe.